Wobisa mtengo pa foni akuthamangitsa wogula

Pali chizolowezi chimene chafala pakati pa amalonda otsatsa katundu pa Facebook ndi pa WhatsApp. Munthu amajambula nsapato kapena thumba la mpunga, n'kuponya chithunzicho m'gulu la ogula ndi ogulitsa, pansi pake mawu awiri okha: "Zafika, inbox." Posakhalitsa anthu amayamba kufunsa funso limodzimodzi, "Zingati?" ndipo aliyense amauzidwa kuti abwere ku inbox. Ena amapitadi. Ena amangodutsa, n'kukagula kwa wina amene walemba mtengo poyera.

Mumsika wa Limbe kapena wa Tsoka ku Lilongwe palibe venda amene angachite zoterezi. Wa kaunjika amaimirira pa mulu wake n'kumakuwa mtengo mpaka mawu kusasa. Wa tomato ku Lizulu amaunjika milu yake m'mphepete mwa msewu kuti wa pa galimoto aione asanaime. Koma anthu omwewa akangogwira foni amasanduka achinsinsi. Kenaka amadandaula kuti malonda a pa intaneti sayenda, n'kuyamba kusaka mnyamata woti awachitire boost, ndipo apa ndi pamene kampamba kamayamba kutayikira.

Akatswiri a zotsatsa malonda ali ndi mawu akuti SEO, chidule cha search engine optimization. Dzinali ndi lolemera koma nkhani yake ndi yopepuka: kulemba za malonda m'njira yoti munthu wofufuza pa Google, kapena pamalo ofufuzira a Facebook, azipeze msanga. Makampani akuluakulu amalemba anthu ntchito kuti azichita zimenezi tsiku ndi tsiku, koma maziko ake ndi omwewo ngakhale kwa mwini okala. Makina ofufuzira amadalira kwambiri mawu. Amatenga zimene wogula walemba n'kuziyerekeza ndi zimene ogulitsa analemba. Mayi wa ku Area 25 akalemba kuti "mpunga wa Kilombero Area 25", chithunzi cha mawu akuti "Zafika" chilibe njira yomufikira, ngakhale mpungawo uli nyumba yachitatu kuchokera pakhomo pake.

Choncho uthenga wamalonda uyenera kunena zimene wogula akadafunsa atafika pa benchi: katunduyo ndi chiyani, ndi wamtundu wanji, muyeso wake ndi kilo, ndowa kapena thumba, mtengo ndi zingati, ali kuti, ndipo nambala yoimbira ndi iti. Zonsezi zilembedwe m'mawu enieni, osangozijambula pa chithunzi kapena kuzinena pa uthenga wa mawu, chifukwa zimenezo sizipezeka mosavuta munthu akamafufuza. Nkhani ya chilankhulo nayo ndi yofunika. Amalawi amasakaniza polemba. Wina alemba "mbatatesi", wina "kachewere", wina "Irish", pomwe onse akufuna chinthu chimodzi chochokera ku Tsangano kapena ku Dedza. Wogulitsa wochenjera amaika mayina awiri kapena atatu mu uthenga umodzi, m'chiganizo chomveka, osaunjika mawu ambirimbiri osagwirizana ngati wotaya zinyalala.

Obisa mtengo ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina ndi zomveka. Chachikulu ndi chakuti mitengo sikhazikika. Amene anali pa geni mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, amakumbukira mmene mtengo wa m'mawa unkasiyanirana ndi wa madzulo kumalo opikulira. Wamalonda amaopa kuti akalemba mtengo lero, wina adzabwera pakatha mwezi ndi chithunzi cha uthenga wakalewo n'kumamutcha wabodza. Mankhwala ake ndi tsiku. Uthenga wonena kuti "mtengo wa lero, Lachiwiri pa 5" sumanga munthu mpaka kalekale, ndipo uthenga wakale ukhoza kukonzedwa kapena kufufutidwa katundu akatha.

Ena amati akalemba mtengo, anzawo opikisana nawo audziwa n'kutsitsa wawo. Koma wopikisana naye amaudziwa kale. Amangotuma mwana kudzafunsa, kapena amalowa yekha ku inbox ndi nambala ya mlamu wake. Amene amatsala mumdima ndi wogula yekha. Za kunenerera nazo sizifa chifukwa mtengo walembedwa. Mumsika monse mtengo umatchulidwa kaye, kukambirana n'kumabwera pambuyo.

Pali chifukwa china chimene amalonda sakonda kuchinena poyera. Ku inbox munthu amapatsidwa mtengo molingana ndi maonekedwe ake. Amene chithunzi chake waima pambali pa galimoto, kapena nambala yake ndi ya ku Johannesburg, amauzidwa mtengo wina. Wooneka wamba amauzidwa winanso. Phindu la tsiku limenelo limakomadi, koma ogula amakambirana. Awiri akayerekeza zimene analipira pa chinthu chimodzi, wogulitsayo wataya onse awiri pamodzi ndi abale awo.

Ambiri amakhulupirira kuti akaponya katundu pa status ya WhatsApp ndiye kuti atsatsa dziko lonse. Status imaonedwa ndi anthu okhawo amene anasungirana nambala ndi mwini wake, ndipo imafufutika pakatha maola 24. Uthenga wa broadcast nawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumizayo. Google siona chilichonse cha mmenemo. Ndi chida chabwino chokumbutsira makasitomala akale kuti belo latsegulidwa kapena usipa wafika, koma mlendo amene sanamvepo za wogulitsayo sangamupeze kudzera mmenemo. Mlendoyo amapezeka m'magulu a poyera a Facebook, pa tsamba la bizinesi ndi pa Google.

Komabe WhatsApp ili ndi mbali ina imene ambiri sanaigwiritse ntchito mokwanira. Kuyambira mu 2018 pali WhatsApp Business, yaulere, imene imalola wamalonda kulemba dzina la bizinesi, malo, nthawi yotsegula ndi kutseka, komanso kuika ndandanda wa katundu, chinthu chilichonse ndi chithunzi ndi mtengo wake. Wofunsa kuti "muli ndi chiyani?" amangotumiziridwa ndandandawo m'malo momuthira zithunzi makumi atatu. Ichi si chinthu chaching'ono m'dziko limene anthu amagula bandulo ya tsiku limodzi n'kumaisunga ngati mchere. Chithunzi chimodzi chowala bwino, chojambulidwa panja masana, chimagulitsa kuposa kanema wautali amene wogula amaopa kumutsegula.

Kwa amene ali ndi malo okhazikika, monga telala, wowotcherera zitsulo, wokonza mafoni, wa saluni, wa hardware kapena wa malo ogona alendo, chinthu chaphindu kwambiri ndi kulembetsa pa Google Business Profile kuti bizinesi izioneka pa mapu a Google. Kulembetsako ndi kwaulere, ngakhale Google imafuna kutsimikiza kaye kuti malowo alipodi. Kampaniyi imanena yokha kuti posanja mabizinesi a m'dera imayang'ana zinthu zitatu: kugwirizana kwa bizinesiyo ndi zimene munthu wafufuza, kutalika kwa mtunda, ndi kudziwika kwake. Choyambacho chili m'manja mwa wamalonda. Amene wangolemba dzina ngati "Chisomo Investments" osafotokoza kuti amakonza mafoni sangatuluke kwa munthu amene foni yake yasweka galasi ali pa depoti.

Kuno misewu yambiri ilibe mayina odziwika ndipo anthu amalondolerana ndi zizindikiro: kuseri kwa chigayo, moyang'anana ndi mpope, pafupi ndi siteji. Zizindikiro zimenezi zilembedwe, ndipo kadontho ka pa mapu kaikidwe munthu ataima pakhomo penipeni pa shopu, osati ali kunyumba usiku. Nambala ikhale imodzi pa chikwangwani, pa Facebook ndi pa Google. Nthawi yotsegula ikhale yoona. Wotseka Loweruka alembe choncho, chifukwa munthu amene walipira kabaza n'kupeza chitseko chokhoma sabweranso. Makasitomala okhutira akhoza kupemphedwa kulemba ndemanga, ndipo ndemanga zoterezi zimathandiza pa kudziwika kuja. Zotumiza abale kuti alembe matamando abodza n'zoletsedwa pa malamulo a Google, komanso owerenga amazizindikira, pakuti zonse zimafanana ngati zolembedwa ndi dzanja limodzi.

Si aliyense amene akufunika zonsezi. Mayi woyala masamba pansi, amene katundu wake amatha dzuwa lisanapendeke kwa anthu odutsa, sayenera kudzitopetsa ndi mapu. Foni imapindulira kwambiri amene katundu wake anthu amamusaka kuchokera kutali, kapena amene amagulitsa zambiri nthawi imodzi.

Tsono za boost. Uku ndi kulipira Meta, kampani ya eni Facebook, Instagram ndi WhatsApp, kuti uthenga uonetsedwe kwa anthu ochuluka. Malipirowo amafuna khadi ya banki yololedwa kulipira kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene dziko lino lakhala nako, amalonda ang'onoang'ono ambiri amadutsira kwa anthu apakati amene amaikapo yawo. Boost payokha si yoipa. Vuto lake ndi lakuti imangochulukitsa maso, sikonza uthenga. Uthenga wopanda mtengo ndi malo ukalipiridwa, umangofika kwa anthu ambiri osoweka chochita nawo. Ndipo ngati woikayo sanasankhe dera, wogulitsa makeke ku Zomba amalipirira kuti aonedwe ndi anthu a ku Karonga amene sadzagulako ngakhale kamodzi.

Chiwerengero cha ma like chimasangalatsa mtima, koma sichilowa m'kachikwama. Muyeso woona ndi kope. Wogula watsopano aliyense afunsidwe kuti wamva kuti za malowo, yankho lake n'kulembedwa pambali pa zimene wagula. Pakatha mwezi kopelo limaonetsa lokha ngati ndalama za boost zinabwerera, kapena ngati ambiri anabwera chifukwa mnzawo anawauza. Wobwera ndi lonjezo loti adzaika bizinesi pa nambala wani pa Google akayikiridwe, chifukwa Google yeniyeniyo imachenjeza kuti palibe angatsimikize zimenezo. Wogulitsa anthu otsatira tsamba, zikwizikwi pa usiku umodzi, akugulitsa mayina opanda matumba. Ndipo wopereka nambala yachinsinsi ya tsamba lake kwa wothandiza adziwe kuti tsiku lodzakangana, tsamba ndi makasitomala ake onse akhoza kupita ndi wothandizayo.

Chimene chimaposa zonsezi ndi mantha a wogula. Amalawi ambiri analandirapo mauthenga a akathyali oti "tumizani ndalama ija pa nambala iyi", ndipo ena analipirapo katundu amene sanafike. Munthu wotere akaona uthenga wobisa mtengo, wopanda malo, wa chithunzi chotengedwa pa intaneti cha diresi yovalidwa ndi mzungu, amakumbukira zimene zinamuchitikira. Wamalonda woona amalipira mlandu wa akuba ngati sadzisiyanitsa nawo. Kudzisiyanitsako n'kujambula katundu weniweniyo ali m'shopu momwemo, kunena chilema ngati chilipo, ndi kuuziratu wogula dzina limene lituluke potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Ngati nambalayo inalembetsedwa m'dzina la mkazi kapena la mchimwene, zinenedwe ndalama isanatumizidwe, osadikira kuti wogula adzidzimuke yekha. Kutsatsa monamiza si nkhani ya manyazi okha ayi. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula pa nkhani zotere.

Nkhani ya mayendedwe nayo imakanganitsa anthu ambiri amene anagwirizana kale pa mtengo. Wa ku Mzuzu akafuna nsapato za ku Limbe ayenera kudziwa pachiyambi kuti katunduyo akwera basi kapena apita ndi kampani yonyamula katundu, afika tsiku liti, ndipo ndalama yotumizira ndi yotapira alipira ndani. Mizere iwiri yonena zimenezi pansi pa mtengo imachotsa mafoni asanu okokanakokana, ndipo wogulitsa akatumiza ajambule risiti n'kuiponya kwa wogula katunduyo asananyamuke pa depoti.