Kiyi musasungitse kwa amalume

Ophunzira anga akale kuno ku Domasi amadandaula kuti webusaiti yofunsira ntchito ikuwakana. Ndikafunsitsa, nkhani imakhala imodzimodzi: analembetsa kudzera pa Google, koma imeloyo anaitsegula ndi nambala ya amalume. Pasiwedi aiwala, ndipo manambala otsegulira akupita pa foni ya amalumewo, amene pano ali ku Joni.

Kulowera pa Google kapena Facebook kuli ngati kusungitsa kiyi kwa mnansi. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook itazima kwa maola pafupifupi 6, odalira khomo limenelo anakanika kulowa ngakhale m'mawebusaiti ena.

Onani lero nambala imene ili pa imelo yanu. Ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, ndipo muziigwiritsa ntchito. Simu khadi ikagona nthawi yaitali, kampani imapereka nambalayo kwa munthu wina.