Ankamvera Ndani pa Somme?

Pa ntchito yonse yomasulira kabuku ka mbiri ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, liwu limene linandisowetsa tulo linali limodzi lokha: kumvera. Chiganizo chake chinali chachifupi. Chinkati pa 1 Julaye 1916, nthawi ya 7:30 m'mawa, maofisala a gulu lankhondo la Britain analiza mawezulo kufupi ndi mtsinje wa Somme ku France, ndipo asilikali anamvera. Kumvera kwakeko kunali kukwera makwerero, kutuluka m'ngalande zimene ankabisalamo, n'kuyamba kuyenda pamtetete kulunjika kumene kunali mfuti zachiwaya za Ajeremani. Tsiku limenelo lokha anafa anthu 19,240. Tikaphatikiza ovulala, ogwidwa ndi osowa, chiwerengero chinafika 57,470.

Ndinalemba kuti "anamvera", n'kufufuta, n'kulembanso. M'chinenero chathu liwuli ndi lokoma. Mwana womvera timamutamanda, timati analeredwa. Komanso munthu samvera m'malere, amamvera winawake. Motero Chichewa chinandipanikiza ndi funso limene Chingelezi cha wolemba uja chinalilambalala: anthuwa ankamvera ndani?

Achimwene anga, amene mafilimu ankhondo sawaphonya, anayankha ndisanamalize n'komwe kuwawerengera. "Iwe, ungakane bwanji munthu atakuloza mfuti kumsana?" Yankho limeneli ndalimva kwa anthu ambiri, ophunzira omwe. Si labodza. Harry Farr, msilikali amene anagonapo m'chipatala miyezi ingapo mutu utasokonekera ndi kuphulika kwa mabomba, anaomberedwa ndi gulu lake lomwe pa 18 Okutobala 1916 pa mlandu wa mantha. Makhoti a asilikali a Britain anagamula kuti anthu oposa 3,000 aphedwe, ndipo 346 anaphedwadi. Boma linadzakhululukira 306 mwa iwo mu 2006, mafupa awo atasanduka kale dothi. Ku Souain, mu Malichi 1915, Afalansa anaombera makopolo anayi chifukwa gulu lawo linakana kutuluka m'ngalande.

Koma achimwenewo ndinawafunsa za Australia. Dziko limeneli silinalole kuti msilikali wake ndi mmodzi yemwe aphedwe pa milandu yotere m'nkhondo yonseyo. Msilikali aliyense wa ku Australia ankadziwa zimenezi. Komabe madzulo a pa 19 Julaye 1916, ku Fromelles, anatuluka m'ngalande ngati anzawo onse, ndipo pofika m'mawa oposa 5,500 anali atafa, atavulala kapena atagwidwa. Mfuti yakumsana ija inali kuti pamenepa? Chikanakhala kuti chowatulutsa chinali mantha a chilango, awa akanakhala pansi n'kumasuta fodya wawo.

Yankho lachiwiri ndi limene limandinyansa, chifukwa limabwera litavala suti. Timalimva mwezi wa Novembala, pa zipilala zachikumbutso, kuyambira ku London mpaka ku Zomba: ankakonda dziko lawo, anadzipereka. Sindikukana kuti kukonda dziko kunawatengera ambiri ku ofesi yolembera usilikali mu 1914. Koma kulembetsa dzina gulu loimba malipenga likudutsa mumsewu ndi nkhani ina, kuponda khwerero loyamba zipolopolo zikupala dothi pamwamba pa mutu wako ndi nkhani inanso. Amene amalankhula pa zipilala amakonda yankho limeneli chifukwa silisiya mlandu pa munthu aliyense. Wodzipereka palibe anamupereka.

Ena amati sankadziwa chimene chikuwadikira. Kwa amene anatuluka 7:30, pali choonadi pang'ono. Kwa sabata yathunthu mizinga ya Britain inaponya mabomba oposa 1,500,000, ndipo asilikali anauzidwa kuti waya waminga waduka, Ajeremani atheratu, chotsala n'kungoyenda. Mabomba ambiri sanaphulike, waya m'malo ambiri unali chilili, ndipo Ajeremani anali amoyo m'mapanga akuya amene anakumba. Koma taganizirani za anyamata a ku Newfoundland ku Beaumont-Hamel. Iwowa analamulidwa kunyamuka cha m'ma 9:15, pamene magulu oyamba anali atapululuka kale. Tinjira ta m'ngalande topita kutsogolo tinali titadzaza ndi ovulala, moti anatulukira cha kumbuyo, n'kuyenda poonekera asanafike n'komwe pa mzere wa anzawo. Bodza lija linali litaululika pamaso pawo. Ananyamuka pafupifupi 800. M'mawa mwake poitana mayina anayankha 68.

Ine ndikuti anthuwa ankamvera munthu amene anaima pambali pawo. Ndipo akuluakulu a nkhondo ankadziwa bwino zimenezi, chifukwa anachita kuzikonza dala.

Mu Ogasiti 1914, Lord Kitchener akufuna asilikali miyandamiyanda, kunabwera nzeru yakuti anthu a mtauni imodzi, a fakitale imodzi, a timu imodzi ya mpira alembetse pamodzi, powalonjeza kuti sadzawalekanitsa. Lord Derby anaiyesa ku Liverpool ndipo m'masiku ochepa anadzaza magulu angapo. Magulu amenewa ankatchedwa Pals, kutanthauza abwenzi. La ku Accrington, tauni ya mafakitale a nsalu, linatumiza anthu pafupifupi 720 kukaukira mudzi wa Serre m'mawa wa pa 1 Julaye uja, ndipo 584 anafa, anavulala kapena anasowa. Tayerekezani ndinu mmodzi wa iwo wezulo asanalire. Kumanja kwanu kuli mlamu wanu. Kumanzere kuli mnyamata amene munkakhala naye benchi limodzi kusukulu, amene amayi ake amagula buledi sitolo imodzi ndi amayi anu. Mukatsala m'ngalande, iye apita yekha. Akafa, mudzawauza chiyani amayi akewo? Akapulumuka, adzakanena chiyani kumudzi? Kumudziko n'komwe atsikana ankapatsa nthenga yoyera mwamuna aliyense wosavala yunifolomu, pomunena kuti ndi wamantha. Imfa inali mwina, pakuti ngakhale tsiku loopsalo ambiri mwa otuluka sanafe. Manyazi analibe mwina.

Ngakhale woliza wezulo uja anali womangidwa ndi chingwe chomwecho. Kawirikawiri anali mnyamata wongochoka kumene kusukulu, ndipo ankayenera kukwera makwerero poyamba anthu ake akumuona. N'chifukwa chake maofisala aang'ono ankafa kwambiri kuposa asilikali wamba tikayerekeza ndi kuchuluka kwawo. Nduna yaikulu Asquith inataya mwana wake Raymond pa Somme pomwepo.

Ndikudziwa kuti wina awerenga izi n'kumva kukoma: eya, ndiye chikondi chimenecho, ndiwo umunthu. Apa m'pamene ndimapsa mtima. Kusafuna kusiya mnzako pamoto ndi chinthu chabwino koposa chimene anyamatawa anali nacho, ndipo ndicho chimene anagwidwa nacho ngati mbuzi yogwidwa pa chingwe chake chomwe. Douglas Haig, mkulu wa asilikali onse a Britain ku France, sankafunika kuti mnyamata wa ku Accrington amukonde kapena akhulupirire mapulani ake. Ankangofunika kuti mnyamatayo akonde mlamu wake. Atalandira ziwerengero za tsiku loyamba anapitiriza nkhondo ya Somme mpaka pa 18 Novembala. Tikamaombera m'manja ubale wa m'ngalande osatchula amene ankaukolola, tikumuthandiza ntchito yake.

Sindikunena kuti onse anamangidwa ndi chingwe chofewa. Asilikali a ku West Africa amene France inawatenga, ambiri mokakamiza, n'kuwaponya ku Chemin des Dames pa 16 Epulo 1917 manja atauma ndi chisanu, nkhani yawo ili ndi chikwapu chochuluka kuposa ya ku Accrington. Blaise Diagne, phungu wa ku Senegal, anakaidandaula ku nyumba ya malamulo ya ku Paris.

Koma ndi ku Chemin des Dames komweko kumene kuli umboni wanga womaliza. Mkulu wankhondo Nivelle analonjeza kuti aboola mzere wa Ajeremani m'masiku awiri. Analephera, anthu anathera pa mapiri aja, iye n'kulamula kuti apitirize. Kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka m'mwezi wa Juni, magulu ambirimbiri a asilikali a France anakana. Sanathawe nkhondo. Ambiri ankanena kuti ngalande zawo aziteteza, mdani sadutsa, koma zokathamangira pa waya waminga ayi. Malamulo anali omwe aja, makhoti omwe aja, dziko lomwe lija, mantha omwe aja. Chimene chinasintha n'chakuti munthu atacheukira kumanja anaona mnzake nayenso atakhala pansi. Tsopano wochititsa manyazi anali wonyamukayo. Ena anaomberedwa, n'zoona, koma Pétain, amene analowa m'malo mwa Nivelle, anakakamizika kuwonjezera tchuthi, kukonza chakudya ndi kuimitsa ziwembu zikuluzikulu zija. Zimene Harry Farr anafera ali yekha, anthu zikwizikwi atazichita pamodzi zinasintha kamenyedwe ka nkhondo.

Pobwerera ku chiganizo changa chija ndinalemba kuti mawezulo atalira, asilikali anayang'anana, n'kutuluka. Mkonzi anandibwezera tsambalo atazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira, m'mbali atalemba kuti kuyang'ananako m'Chingelezi mulibe. Sananame, mulibedi. Kabukuko kanasindikizidwa ndi "anamvera".