Lenzi ya patali muyiyese pa diso la nkhwazi

Ojambula zithunzi za mbalame ndi za mpira akakumana, mkangano wa malenzi a patali sulephera. Uyu watamanda Nikon 200-500mm, uyo wakakamira Sigma 150-600mm Contemporary, winanso Tamron 150-600mm G2, aliyense akuti yake ndiyo imaonetsa nthenga imodziimodzi.

Kunena zoona, zonse zitatu zikakhazikika pa tripod zimatulutsa chithunzi choyera. Ya Nikon imakhala pa f/5.6 mpaka pa 500mm, pamene ziwirizo zimatsekera pa f/6.3 zikafika pa 600mm. Kusiyana kwake n'kochepa, ndipo Nikon imeneyi mudzaimva m'mapewa chifukwa imalemera makilogalamu 2.3.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi fokasi. Pa 600mm ndi f/6.3, mbalame ikakhala mamita 10 kuchokera pamene mwaima, gawo looneka bwino ndi masentimita pafupifupi 10 basi. Nkhwazi yatera pa nthambi m'mbali mwa Shire ku Liwonde, kamera yagwira phiko, diso latsala mu chimbuuzi. Chithunzi chatayika pamenepo, ndipo mwini wake amathamangira kunyoza galasi. Pa makamera a DSLR chipangizo choyezera fokasi chili pachokha, pansi pa kalilole, choncho fokasi ikhoza kumagwera kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono nthawi zonse. N'chifukwa chake Sigma anapanga USB Dock, Tamron TAP-in Console, zoti munthu akonzere zimenezi pa kompyuta. Makamera opanda kalilole amayezera pa sensa penipeni, moti vutoli kumeneko ndi lochepa.

Musanalipire, makamaka pa lenzi yogwirapo kale ntchito, matani nyuzipepala pa khoma, mutsamiritse rula pambali pake, mujambule muli patali. Manambala a pa rula akuuzani kumene fokasi ikugwera. Mukatero funani wa kabaza akubwera molunjika kwa inu, muike shata pa 1/1000, muombere motsatizana, kenako muwerenge zithunzi zimene nkhope yake yatuluka bwino. Mayeso achiwiriwa ndi amene ndimawakhulupirira kwambiri, chifukwa wosewera pa Bingu National Stadium sayima kudikira kamera.

Koma muyese m'mawa. Ku Majete mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo mpweya umanjenjemera ndi kutentha, ndipo njovu yomwe ili kutali imatuluka yosungunuka ngakhale pa lenzi yodula chotani.