Khoti Lalikulu limaweruza ndi umboni

Pamene mukukonzekera kukaponya voti, ndi bwino mudziwe bwalo limene madandaulo a chisankho amapita.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, milandu ikuluikulu monga youkira boma inkapita ku makhoti a mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Ndi khoti lotere limene mu 1983 linagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe. Malamulo aakulu a dziko a 1994 ndiwo anabwezera Khoti Lalikulu ulemu wake: gawo 108 limalipatsa mphamvu yomva mlandu uliwonse, komanso younika ngati lamulo kapena zochita za boma zikugwirizana ndi malamulowo.

Mphamvuyi tinaiona pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019, nalamula kuti china chichitike pasanathe masiku 150. Ananenanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka la onse oponyedwa. Khoti la Apilo linagwirizana nawo pa 8 May.

Komatu ambirife timakumbukira chigamulo n'kuiwala chimene chinachibereka. Oweruza aja sanatsate mphekesera za padoko kapena za m'minibasi; anaona mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi, ena osasainidwa n'komwe. Choncho inu amene mudzakhale mamonita ku Makanjira, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota, musadzachoke pamalo ovotera kuwerenga kusanathe, ngakhale kutada. Mudzasaine pokhapokha manambala ali oona, ndipo pepala lanu la zotsatira mudzalisunge pouma.