Namwino wa m'tenti ya kolera nayenso ndi mwana wa munthu

Mvula ikayandikira timakamba za zimbudzi, kusamba m'manja ndi kuthira Certeza m'madzi akumwa. Zimenezo tidzazibwerezabe pa wailesi mpaka mutatopa nazo. Koma lero tikambe za anthu amene timakawapeza m'tenti ya kolera zonsezi zikalephereka: anamwino, matekiniko ndi aservente okolopa pansi. Maganizo anga ndi akuti ntchitoyo imawatopetsa ndithu, koma chimene chimawathyola msana ndi kukayikiridwa ndi ife eni odwala. Ndipo chimenecho tingathe kuchikonza tokha, osadikira thandizo lochokera ku Maputo.

Tikumbutsane za mliri wa 2022 ndi 2023. Ku Malawi kolera inayamba mu Malichi 2022, ndipo pofika pakati pa 2023 inali itagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mliri wa kolera wakupha anthu ochuluka chotere unali usanaonekepo m'dzikomo. Kuno ku Moçambique unayambira ku distrito ya Lago m'chigawo cha Niassa mu Sepitembala 2022, n'kufalikira ku Tete, Sofala, Zambézia ndi zigawo zina. Namondwe Freddy atagwa ku Quelimane mu Malichi 2023, zimbudzi ndi zitsime zinasakanikirana, ndipo odwala m'dziko lonse anapitirira 30,000. Ife amene timagula pa msika umodzi wa Lizulu ndi kupitirana maliro kuwoloka msewu tikudziwa kuti matenda safunsa chiphaso pa Calómuè kapena pa Zóbuè. Anamwino a mbali zonse ziwiri anasenza mtolo umodzi.

Ambiri a ife sitinalowemo m'tenti imeneyi, choncho ndifotokoze zimene zimachitikamo. Munthu wamkulu wodwala kolera kwambiri amatha kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola. Amafika maso atalowa m'kati, khungu litakwinyika, mitsempha itaphwa kotero kuti kuipeza ndi singano ndi ntchito yaikulu, makamaka usiku ndi tochi. Ngati akulemera makilo 60, amafunika malita 6 a soro, amene anzathu a ku Malawi amati diripi, m'maola atatu okha oyamba. Akakhala odwala khumi otere, ndiye malita 60 oti munthu apachike, awayang'anire ndi kuwasintha lisanathe botolo. Bedi la kolera lili ndi chibowo pakati ndi ndowa pansi, ndipo pambali pamakhala ndowa ina ya masanzi. Ndowa zimenezi sizidzitaya zokha. Servente amazinyamula, kuthiramo mankhwala, kuzitsuka, kubwera nazo, n'kupeza zina zadzaza kale. Amasungunulanso cloro wa mitundu itatu: wochepa mphamvu wosambira m'manja, wapakati wotsukira mabedi ndi pansi, ndi wamphamvu kwambiri wothira m'ndowa ndi pa mitembo. Akasokoneza miyeso, manja a anthu apsa kapena tizirombo sitifa. Zonsezi amazichita atavala jombo ndi magolovesi, m'tenti yotentha ngati uvuni, tsiku ndi tsiku kwa miyezi.

Akaweruka sapeza mpumulo weniweni. Amaopa kunyamula mwana wake. Anansi amaleka kubwereka mbale kunyumba kwake. Akagona amamvabe fungo la cloro ndipo amaona nkhope ya mwana amene anafika mochedwa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene kuno timalitcha OMS, linafotokoza mu 2019 za kutopa kobwera ndi ntchito yopanikiza kwa nthawi yaitali. Linati munthu wotere amatheratu mphamvu, mtima wake umatalikirana ndi ntchito n'kuyamba kuuma, ndipo ntchito imene ankaigwira bwino imayamba kumuvuta. Ndikupempha kuti muganizire chachiwiricho. Tonse timadandaula za namwino wolankhula mokalipa, wosakuyang'ana kumaso. Sindikuikira kumbuyo mwano. Alipo amwano chibadwire, ndipo otere tiziwanena kwa akuluakulu a chipatala. Koma namwino amene chaka chatha ankaseka ndi ana, lero n'kumayankha ngati mwala, nthawi zambiri ndi munthu amene wagona maola atatu okha usiku uliwonse kwa sabata ziwiri.

Tsono pamwamba pa zonsezi timawaikira mphekesera. M'Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amamveka mofanana, ndipo kwa zaka zambiri anthu ena akhala akunena kuti amene akuthira mankhwala m'chitsime akuthira matendawo. Mu 2009 anthu odzipereka a Cruz Vermelha anaphedwa ku distrito ya Mogincual m'chigawo cha Nampula chifukwa cha bodza limeneli. Kumayambiriro kwa 2023 ku Malawi anthu okwiya anaphwanya zipatala ku Lilongwe ndi ku Balaka, akumati ogwira ntchito ndiwo akufalitsa matenda. Mu Epulo 2024 anthu pafupifupi 100, ambiri mwa iwo ana, anamira m'nyanja pochoka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique. Akuluakulu a boma anati ambiri ankathawa chifukwa cha mphekesera za kolera.

Sindikunena kuti anthu amene amakhulupirira zimenezi ndi opusa. Mphunzitsi wa pa yunivesite, malemu Carlos Serra, atafufuza nkhaniyi ku Nampula analemba buku lotchedwa Cólera e Catarse, ndipo anaonetsa kuti gwero lake ndi anthu osauka amene anasiya kukhulupirira boma. Ngati mudzi wakhala zaka khumi ukupempha mjigo osayankhidwa, kenaka galimoto n'kutulukira mwadzidzidzi ndi mankhwala pa nthawi imene anthu ayamba kufa, mafunso sangalephere. Mkwiyowo ndi womveka. Koma mwala ukaponyedwa sufika kwa amene analephera kukumba mjigo. Umagwera servente amene malipiro ake satha mwezi, mwina mwana wa m'mudzi woyandikana nawo.

Pamene mitima imapsa kwambiri ndi pa maliro. Mwambo wathu ndi woti adzukulu asambitse thupi, abale agone pa siwa, anthu adye. Koma thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizirombo tambiri. N'chifukwa chake achipatala amalitsuka ndi cloro wamphamvu uja, kutseka mphuno, pakamwa ndi kumalo ena ndi thonje, kulikulunga m'pulasitiki ndi kupempha kuti liikidwe msanga. Wachibale akaona thonje ndi thupi lokulungidwa amaganiza kuti achotsamo ziwalo. Choncho munthu amene wagwira ntchito yoopsa kuposa zonse, kuti ife otsala tisadwale pamaliro, ndi amene amatchedwa mfiti. Apa achipatala nawonso akonze mbali yawo. Aitane mmodzi wa abale, amuveke zodzitetezera, aime poteropo aone zonse zikuchitika. Amfumu kapena mkulu wa mpingo alowe m'tenti tsiku loyamba, aone mabotolo a soro ndi maso awo, akafotokoze kumudzi. Chimene chachitikira poyera sichibala mphekesera zambiri.

Nanga n'chiyani chimawasunga anthuwa kuti asathawe? Kolera ili ndi chinthu chimodzi chosangalatsa: imachizika msanga. Munthu amene anabwera pa machira usiku ngati wafa kale amatha kudzuka m'mawa n'kupempha phala. Akalandira chithandizo nthawi yabwino, mwa odwala 100 womwalira safika ndi mmodzi yemwe. Popanda chithandizo, mwa odwala kwambiri mpaka theka angathe kufa. Namwino amene waona odwala ake akudzuka amapeza mphamvu zobwerera mawa. Amene akulandira mitembo ndi anthu otsala pang'ono kutsirizika, chifukwa abale anayamba adikira masiku awiri kunyumba, ndi amene amagwa mphwayi. Mukafulumira naye wodwala mwapulumutsa iyeyo, komanso mwachepetsa katundu pa mtima wa womulandira.

Boma nalo lisabisale kumbuyo kwa mawu oyamikira. Mu 2023 madokotala ndi ena ogwira ntchito za umoyo m'dziko muno ananyanyala ntchito, ndipo zina mwa zimene ankadandaula zinali ndalama za maola owonjezera ndi kusowa kwa zipangizo. Kutchula munthu ngwazi pa msonkhano sikumugulira ufa. Mliri ukabuka pazikhala anthu osinthana nawo kuti aliyense agone, chakudya ndi madzi akumwa pa tenti, magolovesi okwanira, ndi malipiro ofika pa nthawi yake. Aservente asaiwalike pa mndandanda umenewo, pakuti kawirikawiri ndiwo amakhala omaliza kukumbukiridwa.

Kwa inu achipatala amene mumatimvera: mukaona kuti tulo sitikubwera, mukupsa mtima ndi ana anu popanda chifukwa, kapena botolo la kachasu layamba kukhala mnzanu wa madzulo, musadzione ngati ofooka. Uzani mnzanu wa pantchito. M'zipatala zambiri za madistrito muli tekiniko woona za matenda a maganizo, ndipo khomo lake si la odwala ochokera kumudzi okha.

Ndipo inu a kumudzi, munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi imodzi ya SRO, imene kutsidya amati Thanzi, mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Azimwa pang'onopang'ono njira yonse ngakhale akusanza, mwana woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo pitani ku chipatala chimene chili pafupi. Mukafika, apatseni moni amene mwawapeza pakhomo la tenti, muwauze nthawi imene matenda anayamba, ndipo m'bale mmodzi yekha atsale ndi wodwala.