Lembani ngongole, ngakhale ya mlamu wanu

Kuyambira ku Makanjira, kudutsa ku Malindi, pa boma la Mangochi ndi ku Monkey Bay, mpaka kukafika ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, n'kovuta kupeza doko kapena msika wopanda okala yotsekedwa. Loko wachita dzimbiri, dzina la mwini wake likuwerengekabe pakhoma, koma m'katimo mwatsala mashelefu ndi akangaude. Tikafunsa chimene chinagwetsa malondawo, mayankho sasowa: katundu wadula, nsomba zachepa m'nyanja, anthu alibe ndalama. Zonsezi n'zoona. Chodabwitsa n'chakuti okala yoyandikana nayo, imene imaoda shuga ku holoselo yomweyo ndi kugulitsa kwa anthu a m'mudzi womwewo, ikadali yotsegula. Ife tikuona kuti malonda ang'onoang'ono ambiri m'madera athu amafa ndi nthenda ya m'nyumba momwemo: katundu amatuluka popanda wolemba, ndipo ndalama ya mpamba imagona m'thumba limodzi ndi ndalama ya ndiwo.

Tisanamizane, kunyanja kuno munthu sangachite malonda osakongoza. Ndalama yathu imabwera ngati mafunde. Mlovi amapata kangachepe usiku wamdima, pamene usipa umatsatira nyali. Mwezi ukawala, chilimira chimapuma ndipo thumba nalo limapuma. Mwera ukakwiya m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, mabwato amagona pamchenga masiku angapo. Nyengo yotseka nyanja imayamba mu Novembala, nthawi yomwe chimanga chatha m'nkhokwe ndipo munda ukufuna mbewu ndi feteleza. Palinso amayi ambiri amene mphika wawo umadikira uthenga wa Mukuru kuchokera kwa bambo amene ali ku Joni. Anthu onsewa akufuna mchere, sopo ndi mafuta ophikira lero lomwe, pamene ndalama idzafika sabata yamawa. Chikwangwani cha "ngongole mawa" chimene timapachika pamwamba pa kauntala ndife eni ake oyamba kuchiphwanya, pakuti wodzakongolayo ndi mlamu, ndi mnansi, ndi munthu amene timaima naye mzere umodzi pa swala ya Ijumaa. Choncho nkhani yagona pa kakongozedwe.

Apa chipembedzo chathu sichinatisiye mumdima. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, ikukamba za ngongole: kuilemba, kuika nthawi yobwezera ndi kukhala ndi mboni, kaya ngongoleyo ndi yaikulu kaya yaing'ono. Pafupi pomwepo, ndime ya 280 ikulamula kuti wangongole amene ali pamavuto apatsidwe nthawi, ndipo ikuyamikira kumukhululukira. Ndime ziwirizi zinaikidwa moyandikana, koma ife timakonda kutola imodzi n'kusiya inzake. Ena timachita chifundo chopanda kope mpaka okala itauma. Ena timasunga kope popanda chifundo mpaka mudzi utatida.

Chotilepheretsa kulemba ndi manyazi. Mlamu akatenga botolo la mafuta n'kunena kuti tionana Loweruka, dzanja limalemera kutsegula kope, kuopa funso lija lakuti, "Kodi alamu, mwayamba kundikayikira?" Mankhwala ake ndi kulemba aliyense. Amfumu akatenga, alembedwe. A Shehe akatuma munthu, alembedwe. Mayi athu otibereka akatenga paketi ya mchere, nawonso alowe m'kope, ngakhale titakonza zodzalipira tokha. Lamulo likakhala la onse, palibe amene amadziona wonyozeka. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola; komabe taona ana a bere limodzi atasiya kupatsana salaamu chifukwa cha ngongole imene wina ankaikumbukira kuti inali mabotolo awiri, mnzake atatu. Tsamba limodzi la kope likanawasungira ubale wawo.

Kope lake ndi lomwelija la ana asukulu. Khomo lililonse likhale ndi tsamba lake, ndipo pamenepo palembedwe tsiku, katundu amene watengedwa, mtengo wake ndi tsiku lolonjezedwa. Tilembe wokongolayo ali pomwepo, n'kumuwerengera mokweza. Akabweza, tidule mzere iye akuona. Amene sukulu inamudutsa apemphe mwana wa Sitandade 7 amulembere, ndipo amene anazolowera zilembo za Chiarabu za ku madrasa alembe m'zilembo zomwezo, bola mawa adzathe kuwerenga. Khomo lililonse likhalenso ndi malire ake, ndipo likafika pamenepo ngongole yatsopano idikire kuti yakale ichepe. Mwana wotumidwa asapatsidwe katundu pangongole pokhapokha ngati makolo ake anabwera kale kudzagwirizana nafe, chifukwa mikangano yambiri imayambira pa mawu akuti, "Ine sindinamutume."

Tsiku lobweza ndi lofunika kwa ife Asilamu kuposa mmene ambiri timaganizira. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu inatsatira. Wamalonda amene anakongoza shuga pa mtengo wa dzana amadzalandira ndalama imene singagulenso shuga yemweyo. Mtima umamunong'oneza kuti aonjezere kenakake pamwamba, kapena alipiritse chindapusa cha kuchedwa. Kumeneko n'kulowa mu riba. Mtengo umene tinagwirizana tsiku lotenga katundu ndi umene tidzalandire, ngakhale patadutsa miyezi itatu. Popeza khomo la chiwongoladzanja ndi lotitsekera, chotitchinjiriza n'chakuti ngongole ikhale ya masiku owerengeka, yogwirizana ndi nthawi imene wokongolayo amapeza ndalama. Mlovi abweze mdima ukabwerera, mphunzitsi abweze pakutha pa mwezi, mayi wodikira za ku Joni abweze tsiku lotapa ndalamazo, tisanamve kuti zathera ku malata ndi simenti.

Komatu wangongole wamkulu wa maokala ambiri ndi mwini wake yemweyo. Tiyerekeze kuti taoda belo la shuga la mapaketi 20 pa K60,000, ndipo tikugulitsa paketi imodzi pa K3,300. Belo lonse likatha tipeza K66,000. Tikachotsapo K2,000 ya thiransipoti, phindu ndi K4,000 basi. Tsopano mapaketi awiri apite kunyumba chifukwa kwabwera alendo. Imeneyo ndi K6,600: phindu latha kale, ndipo taluma K2,600 ya mpamba. Mapaketi ena atatu atuluke pangongole yosalemba. M'kabati mudzapezeka K49,500, imene singagule belo lina ngakhale mtengo utapanda kukwera. Ulendo wotsatira tioda theka la belo, wotsatiranso mapaketi asanu. Munthu amakhala pa kauntala kuyambira Fajr mpaka Isha, ndalama ikudutsa m'manja mwake tsiku lonse, n'kumadabwa kuti mashelefu akuyera bwanji malonda akuyenda chonchi. Ena akafika pamenepa amayamba kukayikira anansi kuti awalowerera, chikhalirecho kadziwotche ali m'nyumba mwawo momwe.

Tizidzilipira tokha monga mmene tikanalipirira wantchito, kaya pa sabata kaya pa mwezi, ndipo zapakhomo zizichoka pa malipiro amenewo. Akunyumba akafuna sopo, agule ngati kasitomala wina aliyense. Sabata yoyamba zimaoneka ngati umbombo, koma banja limene lazolowera limadya okalayo zaka zambiri. Fizi ya ana, zovala za Eid ndi zofunika za Ramadhan sizitidzidzimutsa, nthawi yake imadziwikiratu. Tiziika padera kangachepe kuchokera pa phindu. Tinenenso kwa abambo anzathu: m'Chisilamu chuma cha mkazi ndi chake. Bambo amene watapa mpamba wa mandasi kapena wa usipa wa mkazi wake wakongola, ndipo dzina lake lilowe m'kope ngati la wina aliyense.

Kulemba sikuletsa kupatsa. Tikadziwa kuti mayi wamasiye uja sangathe kubweza, tisamunamize kuti tamukongoza. Timupatse, tilembe kuti sadaka, ndipo ichoke pa malipiro athu aja. Chimene chimaononga mitima ndi kupereka m'dzina la ngongole kenako n'kumamuyang'ana munthu ndi diso lofiira chaka chonse, iyenso n'kumazemba njira yodutsa pa okala yathu, akapeza ndalama n'kumakagula kwina. Tikatero tataya katundu, tataya kasitomala, ndipo mphoto ya sadaka sitinaipate.

Poika mtengo, tiwerengere ndalama imene tidzagulire katundu wina mawa. Kuimba foni kamodzi ku holoselo m'mawa kumapulumutsa munthu kugulitsa tsiku lonse pa mtengo woluza. Zimenezi n'zosiyana ndi kubisa katundu m'chipinda podikira kuti asowe, zomwe chipembedzo chimaletsa. Mtengo ukayenera kukwera ukwere poyera, wogula adandaule akudziwa chimene akulipira. Choipa ndi kusunga mtengo wakale n'kukabera pa muyeso: kuphwanyira m'kati pansi pa chigoba, kuseweretsa sikelo, kuchepetsa botolo loyezera mafuta. Surah Al-Mutaffifin, ya 83, inatsegula ndi chenjezo kwa opungula miyeso, ndipo ngakhale lamulo la dziko linapatsa bungwe la Malawi Bureau of Standards udindo woyesa masikelo a malonda. Anzathu a pa mathandala akumbukire nkhani ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere za Allah zikhale pa iye) pamene anapisa dzanja m'mulu wa chakudya pamsika n'kupeza chonyowa chitabisidwa pansi, anamudzudzula wogulitsayo. Ogula usipa ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe saiwala thandala limene linawapatsa thumba louma pamwamba, lonyowa pansi, ndipo amauzana ali pa lole.

Mpamba ukachepa, katapira amaoneka ngati bwato lopulumukira. Kupatula kuti ndi haramu, masamu ake okha akukana: phindu la K4,000 pa belo silingalipire munthu wofuna kuti ndalama yake ibwerere ndi theka pamwamba pakutha pa mwezi. Mabanki m'khonde ambiri nawo amayendera chiwongoladzanja, choncho tifunse malamulo a gulu tisanalembetse. Chipereganyu chilibe vuto limeneli, pakuti aliyense amalandira chimene anasonkha, kungoti chimafuna anthu odziwana ndi kope la gulu. Njira ina ndi yogwirizana ndi m'bale amene ali ndi ndalama koma alibe nthawi, monga achimwene a ku Johannesburg kapena ku Durban. Fiqh imatcha mgwirizano wotere mudharaba: wina aika ndalama, wina aika thukuta, ndipo phindu amagawana pa mlingo umene anapangana poyamba, monga theka ndi theka. Malonda akaluza popanda kusasamala kwa woyendetsa, mwini ndalama ndiye waluza ndalama, woyendetsayo waluza thukuta lake. Zimenezi zilembedwe pamaso pa mboni ndalama isanatumizidwe. Mabanja ambiri kwathu kuno agawanika chifukwa wa ku Joni ankati anakongoza, wa kumudzi ankati anathandizidwa, ndipo mawu onse anathera pa foni.

Pa za foni tisachulutse mawu. Nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya malonda ikhale yosiyana ndi ya pakhomo. Katundu asatuluke chifukwa taona uthenga pa foni ya wogula. Tione pa foni yathu kuti ndalama yalowadi. Woimba kuti watumiza molakwika ndipo timubwezere msanga, timuuze akadandaule ku kampani ya foniyo.

Kope lomweli ndi limene limatithandiza pa zakaat. Katundu wa malonda akafika pa nisaab n'kutha chaka cha mwezi, pamachoka 2.5 peresenti, ndipo powerengera timaphatikiza katundu wa pa shelefu, ndalama ya m'kabati ndi ya pa foni, komanso ngongole zimene tili ndi chiyembekezo kuti zibwezedwa. Wopanda kope amangoponya mwala m'nyanja, mwina kupungula gawo la osauka osadziwa. Tisankhe tsiku limodzi pachaka, ambiri amakonda pafupi ndi Ramadhan, titseke chitseko maola angapo, tiwerenge chilichonse mpaka machesi. Za mlingo wa nisaab chaka chimenecho tifunse a Shehe a pamzikiti wathu, popeza umayenda ndi mtengo wa golide kapena siliva.

Pali tsiku linanso limene kopeli lidzatsegulidwe ife kulibe. Malinga ndi malamulo a mirathi, ngongole za womwalira zimalipidwa chuma chisanagawidwe, ndipo ndalama zimene anthu anamukongola ndi gawo la chuma cha ana ake. Pamaliro timamva akulengeza kuti amene malemu anali naye ngongole aonekere. Okongoza amabwera msanga. Okongola ambiri amakhala chete, ndipo mayi wamasiye alibe poyambira kuwafunsa. N'chifukwa chake tsamba loyamba la kope likhale la ngongole zathu ife eni, za ku holoselo, za lendi, za m'bale amene anaika ndalama, kenako masamba a otikongola atsatire. Mkazi kapena mwamuna wathu adziwe pamene kopelo limagona, adziwenso nambala za foni zimene zimasunga ndalama ya malonda, ndipo kamodzi pamwezi tizikhala naye pansi n'kuwerenga limodzi.