Ukwati wa ku Hawaii: malo sasankhira pa chithunzi

Pa 1 Januwale 1994, Bill Gates ndi Melinda French anamanga ukwati wawo pa chilumba cha Lanai ku Hawaii, pabwalo la gofu loyang'anizana ndi nyanja ya Pacific. Nyuzipepala za nthawiyo zinalemba kuti mkuluyu analipira zipinda zonse za hotela zimene zinalipo, n'kubwerekanso mahelikopita a m'deralo kuti atolankhani asowe chokwera. Umo ndi mmene mpondamatiki amapezera malo a phee ku Hawaii. Kwa ena onse, akwati zikwizikwi amene amapita kumeneko chaka ndi chaka kuchokera ku America, Japan, Canada ndi Australia, nkhani ya malo ndi yovuta kusiyana ndi mmene zithunzi za pa Instagram zimaonetsera.

Za mapepala zokha ndiye sizivuta. Boma la Hawaii silifunsa ngati akwatiwo ndi nzika za America kapena ngati amakhala m'zilumbazo. Za kuyezetsa magazi kulibe, mboni nazo sizifunika. Awiriwo amalemba fomu pa intaneti, kulipira $65, n'kukaonekera limodzi pamaso pa wopereka chiphaso wovomerezedwa ndi nthambi ya zaumoyo. Chiphasocho chimayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo ndipo chimatha pakapita masiku 30. Anthu atha kutera ku Honolulu Lolemba, Lachiwiri n'kuvekana mphete. Kuphweka kumeneku ndi kumene kumanamiza ambiri, amayesa kuti malonso angowatola chimodzimodzi.

Funso loyamba silikhudza n'komwe mchenga kapena maluwa. Ndi lakuti: kodi adzabwere ndani?

Kuchokera ku Los Angeles kukafika ku Honolulu ndi makilomita oposa 4,000, maola pafupifupi 6 m'ndege, pansi pali madzi okhaokha. Ku Malawi ukwati umadziwika ndi kudzaza kwa holo ndi kutalika kwa perekani-perekani, koma wa ku Hawaii kawirikawiri woitanidwa amadzilipirira yekha tikiti ndi pogona, motero ambiri amangotumiza mafuno abwino. Kwa Mmalawi kapena Mzambia wokhala kunja amene akufuna kuti makolo ndi ankhoswe akaonerere, pali mtunda wina wokwera: mu Ogasiti 2025 boma la America linalengeza kuti ofunsira viza yokacheza ochokera m'maiko awiriwa azipereka chikole cha pakati pa $5,000 ndi $15,000. Otsala kumudzi amaonera pa foni, ndipo popeza nthawi imasiyana ndi maola 12, malumbiro a 5 koloko madzulo ku Maui amawapeza agogo ku Dedza 5 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Chiwerengero cha obwera ndi chimene chimalamula zonse zotsatira. Anthu 12 amakwana pakagombe. Anthu 80, ena mwa iwo okalamba oyendera ndodo, amafuna mipando, mthunzi, zimbudzi ndi msewu wofika galimoto.

Kenako pamabwera kusankha chilumba, pakuti Hawaii si malo amodzi. Kupatula boti loyenda pakati pa Maui ndi Lanai, kuchoka pa chilumba china kupita pa chinzake n'kwa pandege basi, ndipo tikiti iliyonse yowonjezera imagwera mlendo uja.

Oahu ndiye chilumba chosavuta kufikako. Ndi komwe kuli Honolulu ndi Waikiki, ndege zambiri zochokera kunja zimatera kumeneko, ndipo ojambula, ophika ndi okonza tsitsi ndi ambirimbiri. Wofuna hotela yakale ali ndi Moana Surfrider, yomwe inatsegulidwa mu 1901, kapena Royal Hawaiian ya utoto wa pinki, ya mu 1927. Wofuna mapiri amapita ku Kualoa Ranch, kumene anajambulirako mbali ina ya filimu ya Jurassic Park ya mu 1993. Choipa chake n'chakuti anthu ambiri a ku Hawaii amakhala pa chilumba chimenechi, ndipo mdipiti wa magalimoto madzulo utha kuchedwetsa mkwatibwi mpaka dzuwa kulowa. Maui ili ndi mahotela odula a ku Wailea ndi Kapalua, komanso Haiku Mill, mabwinja a fakitale ya shuga omwe makoma ake anayangidwa ndi zomera. Kauai ndi yobiriwira komanso yodekha. Chilumba chachikulu, chomwe dzina lake ndi Hawaii lomwelo, chili ndi miyala yakuda ya chiphalaphala ndi mapiri amene akuphulikabe: Kilauea inawononga nyumba zoposa 700 mu 2018, ndipo Mauna Loa inaphulika mu Novembala 2022.

Chimene ambiri amachidumpha ndi mbali ya chilumbacho. Mphepo ya ku Hawaii imakonda kuwomba kuchokera kumpoto chakum'mawa. Ikagunda mapiri imakhuthula mvula yonse mbali imeneyo, n'kutsikira tsidya linalo itauma. N'chifukwa chake tauni ya Hilo imalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pachaka, pamene gombe la Kohala, pa chilumba chomwecho, ndi louma ngati chipululu. Ku Kauai, phiri la Waialeale lili m'gulu la malo amvula kwambiri padziko lonse, pomwe ku Poipu, kumwera kwa chilumbacho, dzuwa limawala masiku ambiri. Kubiriwira kumene kumakopa maso pa chithunzi cha Hanalei, kumpoto kwa chilumbacho, ndi mvula imeneyo. Mu Epulo 2018 kudera lomweli kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,200 m'maola 24, ndipo msewu wopita kumathero a gombe la kumpoto unatsekedwa kwa alendo kwa chaka ndi miyezi.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula imachuluka, ndipo magombe a kumpoto amamenyedwa ndi mafunde aakulu omwe amakoka ochita mipikisano ya pamadzi koma amameza mchenga umene unali wotambalala mu Julayi. Miyezi yomweyi ndi imene anamgumi amabwera pafupi ndi Maui, moti ena amasankhira dala Febuluwale kuti alendo awaone. Namondwe amayembekezeka pakati pa Juni ndi Novembala. Sabwera kawirikawiri, koma akabwera amasiya mbiri: hotela ya Coco Palms ku Kauai, komwe Elvis Presley anajambulirako ukwati wa mu filimu ya Blue Hawaii mu 1961 ndipo akwati ambiri anakhamukirako pambuyo pake, inatsekedwa namondwe wa Iniki atawomba mu Seputembala 1992.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya gombe, pakuti ndilo loto la ambiri: mapazi ali pamchenga, nsalu yoyera ikuuluka, kumbuyo dzuwa likumira m'nyanja.

Ku Hawaii gombe ndi la aliyense. Hotela, kaya ikhale yodula bwanji, itha kubwereketsa kapinga wake koma siingatseke mchenga. Kuyambira mu 2008, nthambi ya boma yoona za malo ndi zachilengedwe imafuna kuti ukwati wochitika pa magombe amene imawayang'anira, ngati pali wolandirapo ndalama, ukhale ndi chilolezo chotchedwa Wiki Permit. Mtengo wake ndi wochepa, masenti 10 pa sikweya futi iliyonse kuyambira $20, koma malamulo ake ndi okhwima. Nthawi ndi maola awiri okha. Kuzika chipata cha maluwa, tenti kapena mizere ya mipando n'koletsedwa. Mipando yololedwa ndi yowerengeka ya okalamba ndi olumala. Mowa suloledwa, zokuzira mawu ayi, ndipo palibe amene angauze osambira kuti asunthe. Ochita malonda a maukwati ku Maui anakasuma kukhoti kuti lamuloli likuwaphera ufulu, koma mu 2012 khoti la apilo linagamula kuti boma lili ndi mphamvu yofuna chilolezocho.

Kuti munthu amvetse tanthauzo la zimenezi, aone Makena Cove, kagombe ka kumwera kwa Maui komwe zithunzi zake zili ponseponse. Polowera pake ndi kampata kopapatiza pakati pa mipanda ya miyala, mkwatibwi amachita kukwinya diresi kuti adutse. Mkati muli mchenga wochepa, miyala yakuda, migwalangwa, ndipo patali pakuoneka chilumba cha Kahoolawe. Kukongola kwake n'kosakanika. Koma dzuwa likamapendeka si zachilendo kupeza maukwati awiri kapena atatu nthawi imodzi, wojambula aliyense akupotoza kamera kuti anzake asalowemo. Wodalitsa ukwati amaimba lipenga la chigoba cha nkhono, akwati amavekana nkhata za maluwa zotchedwa lei, mwamuna nthawi zambiri ya masamba onunkhira a maile, koma mawu a malumbiro amalimbana ndi mkokomo wa mafunde, ndipo woima kumbuyo amangoona milomo ikugwedera. Dzuwa la kumeneko likangolowa, mdima suchedwa. Kwa anthu awiri ndi mboni za mtima wawo zochepa, malowa ndi osaiwalika. Kwa gulu lalikulu ndi chisokonezo.

Ena amadandaula kuti malamulowa ndi owumitsa. Koma amene amaona nkhaniyi ndi maso a eni dera sangatero. Gombe limene mlendo amalitcha malo a ukwati ndi pomwe mwana wa pomwepo amaphunzirira kusambira, pomwe bambo amaponya ukonde wake, pomwe banja limaotcha nyama Lamlungu. Anthu a ku Waimanalo pa Oahu, dera lomwe kumakhala eni nthaka ambiri, anatopa ndi magalimoto a maukwati ndi mabasi a alendo odzaza malo oimikapo, ndipo mu 2022 khonsolo ya Honolulu inaletsa zamalonda m'magombe a kumeneko. Ku Kailua, pa chilumba chomwecho, chiletso chonga chimenechi chinabwera kale, mu 2012. Wokonza ukwati amene akulonjezabe mwambo m'malo oterewa akuika akwati pa ngozi yoti apolisi awaimitse mphete isanalowe. Safunsa anadya phula: ofuna ukwati wa pagombe afunse dzina lenileni la gombelo, afunse amene akatenge chilolezo, ndipo achione ndi maso awo.

N'chifukwa chake ukwati wa anthu ambiri umayenera malo obwereka: kapinga wa hotela, munda wa maluwa, famu kapena tchalitchi. Kumeneko mipando, chakudya ndi nyimbo n'zololedwa, ndipo zithunzi za pamchenga zitha kujambulidwa padera. Koma mtengo wolembedwa pamwamba si umene umatuluka m'thumba. Mahotela ambiri amakakamiza kuti chakudya ndi zakumwa zigulidwe kwa iwo, n'kuikapo ndalama ya otumikira ndi msonkho. Malo ena amangopereka bwalo lokha, tenti, magetsi, mbale ndi zimbudzi n'kumachita kubwereka kwina. Malo ambiri apanja amazimitsa nyimbo 10 koloko usiku chifukwa cha oyandikana nawo, zomwe okonda kuvina mpaka mbandakucha ayenera kudziwiratu. Alendo nawo amakumana ndi msonkho wa malo ogona, umene boma linaukweza kuchoka pa 10.25 kufika pa 11 peresenti kuyambira Januwale 2026 kuti lipeze ndalama zotetezera chilengedwe, ndipo makhonsolo amawonjezerapo wawo.

Palinso malo amene ndalama siziyenera kugula. Ma heiau, omwe ndi mabwalo a miyala kumene makolo a eni dziko ankapembedzera, si poimira kuti chithunzi chikongole. Akamba a m'nyanja ndi nyama yosowa yotchedwa monk seal zimatetezedwa ndi lamulo. Imodzi mwa nyamazi ikagona pamchenga pomwe panakonzedwa mwambo, osuntha ndi akwatiwo.

Ndipo pali Lahaina, pa Maui. Pa 8 Ogasiti 2023 moto unatentha tauni imeneyi, yomwe kale inali likulu la ufumu wa Hawaii, n'kupha anthu oposa 100 ndi kuwononga nyumba zoposa 2,000. Boma litalengeza kuti alendo ayambirenso kupita kumadzulo kwa Maui kuyambira pa 8 Okutobala chaka chomwecho, ambiri mwa opulumuka anati n'kufulumira, pakuti ena mwa iwo anali akugonabe m'mahotela omwewo. Panthawi imodzimodziyo ojambula, oluka maluwa ndi oimba a pa chilumbacho ankapempha kuti maukwati asathawe ku Maui, chifukwa ndiwo amawadyetsa. Mbali zonse ziwiri zinkanena zoona. Akwati osankha Maui atha kumva onse awiri: kulemba ganyu anthu a pomwepo m'malo mobwera ndi awo, kugula maluwa olimidwa pa chilumbacho, ndi kusiya mabwinja a nyumba za anthu kunja kwa kamera.

Asanapereke dipoziti, akwati ayenera kupempha mwini malo kuti awaonetse pa vidiyo, nthawi ya tsiku yomwe mwambo udzachitike, mmene mphepo ikuwombera ndi kumene dzuwa likuyang'ana. Afunse maukwati angati amachitika pamalopo tsiku limodzi, ngati njinga ya olumala ingafike pomwe pali mipando, komanso ndalama zingati zimabwezedwa ndege zikalephereka. Afunsenso za pothawira mvula, ndipo alione denga lakelo, pakuti malo ena pothawira pake ndi chipinda cha misonkhano chopanda ngakhale zenera, ndipo ena amalipiritsa tenti padera, yoti iitanitsidwe masiku angapo mwambo usanachitike.